Nyanga ndi Mkombaphala

Lolemba, 6 Okutobala

Andigoneka m'chipatala. Ndinabwera kudzangotenga mapilisi, iwo andivula malaya n'kundilozera bedi pafupi ndi zenera losatseguka. Ndikulemba m'kabuku ka ntchito zanga za mafiriji, chifukwa ndikangokhala manja lende ndilalatira munthu.

Pa kabolodi ka kumutu alemba Kamaruddin. Amene ankandiitana choncho anali mayi anga okha. Mzinda wathu wonse wa Makassar umandidziwa kuti Daeng Rewa wokonza mafiriji.

Chandigoneka ndi chala cha mkombaphala cha kumanzere. Sabata yatha ndinapisa dzanja m'thanki kuti ndiwongole mwala, Nyanga n'kundikanda. Kabala kake ngati ka munga. Ndinatsuka ndi sopo n'kupita kuntchito. Lero chala chatupa ngati biringanya, mtundu wake womwewonso.

Dokotala Irawati, mayi wochepa thupi wolankhula ngati akuthamangitsidwa, wandifunsa kuti, "Nyangayo ndi galu kapena mphaka?"

"Ndi korale."

"Mwala wa m'nyanja?"

"Mwala ndi umene mumagendera agalu, adokotala. Korale ndi chamoyo. Amadya, amakula, ukamulakwira amanyanyala."

Sanaseke. Angolemba.

Ndifotokoze bwino pano, mwina wina adzawerenga. Pabalaza panga pali thanki yagalasi ya madzi amchere, yaitali ngati bedi lino. Muli makorale amitundumitundu ndi tinsomba tiwiri. Palibe anandiphunzitsa, ndinapha ambiri ndisanadziwe. Pakati pa onse pali Nyanga, wa nthambi ngati nyanga za gwape, thupi lofiirira, nsonga zabuluu ngati lawi la gasi. Ndinamugula kwa olima makorale akuchilumba ali kachidutswa kosaposa chala. Lero ndi wamkulu ngati dengu. Anzanga oweta makorale ali ndi mwambo wogawana: umathyola kanthambi n'kupatsa mnzako, kuti tsiku limene thanki yako idzafe, iye adzakubwezere mbewu. Ko Aseng wa sitolo ya nsomba wandipempha kanthambi ka Nyanga mpaka kutopa. Yankho langa silisintha: bola mundidule chala.

Mankhwala: diripi kumkono wamanja. Opha tizilombo mitundu iwiri, ena a m'mitsempha katatu patsiku, ena akumwa. Kutentha kwa thupi 39.1. Atenga mafinya kukayeza. Namwino Yohana wajambula mzere ndi bolopeni pakhungu, pamene kufiira kwalekezera. Akuti tione ngati kudumphe.

Kunyumba kwatsala Murni, mkazi wanga, amene sindinamulolepo kukhudza thanki ngakhale ndi nsalu yopukutira. Ndamuuza kuti osakhudza magetsi, nsomba uzidyetsa kamodzi patsiku, madzi akatsika uwonjezere. Wati, "Eya, Daeng."

Eya ameneyo sindikumukhulupirira.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Amatidzutsa azana a kumzikiti asanamveke kuti atiyeze kutentha, ngati kutenthako kungathawe dzuwa likatuluka. Kenako phala la mpunga lopanda mchere. Kenako kudikira. Kuno ntchito yaikulu ndi kudikira.

Bedi la pambali panga pali a Haji Beddu, mkulu wa matenda a shuga amene ankagulitsa nsalu kumsika. Phazi lawo lamanja latsala ndi zala ziwiri. Andilonjera kuti, "Takulandirani, Daeng. Muno timalowa athunthu, timatuluka opepuka."

Ndawauza kuti ine ndituluka mmene ndalowera. Aseka mpaka kutsokomola.

Murni wabwera masana ndi msuzi wa nyama zam'kati wa kwa mayi wogulitsa pakona ya kwathu. Ndisanatsegule bakuli ndamuuza andionetse zithunzi za thanki. Zonse buluu wokhawokha. Pansi pa magetsi abuluu ngakhale korale wakufa amaoneka ngati mkwatibwi.

"Uzimitse abuluu, uyatse oyera, ndiye ujambule."

"Munati ndisakhudze magetsi."

"Ndiye lero ndikuti ukhudze!"

"Mawa mudzati chiyani?"

Ndamufunsa kuti Montipora ali bwanji. Wati ndi uti ameneyo. Ndati wofiira uja wa masamba opiringizika.

"Oo, Kabichi. Ali bwino."

Kani zaka zonsezi mkazi uyu ali ndi mayina ake a makorale anga. Ine ndinavutika kuloweza Chilatini, iye akuti Kabichi, Bowa, Ubongo, Mabatani. Wa timanja tatitali togwedezeka uja, amene amawotcha aliyense womuyandikira, akuti ndi Apongozi.

"Apongozi ake ati?"

"Mudziwa nokha, Daeng."

A Haji anabisa nkhope m'pilo.

Chabwino, tigwiritsa mayina ake, bola timvane. Ndamuphunzitsa zitatu. Mabatani ali ndi poizoni, asawagwire wopanda magolovesi. Korale wokondwa amatulutsa tiubweya pathupi, ndito timanja take todyera. Akatibweza ndiye kuti chilipo chamunyansa. Ndipo kufiirira si litsiro, ndiwo mnofu wake. Kuyera ndi fupa.

Wati, "Ine ndinkayesa oyerawo ndiye okongola."

A Haji alowerera: "Nanga inu, Daeng, magolovesiwo munavala?"

Mkulu uyu ndimupempha asamuke.

Lachitatu, 8 Okutobala

39.7. Kuzizidwa mpaka mano kugundana. Kufiira kwadumpha mzere. Yohana wajambula wina pamwamba pake.

Sindinadye. Murni watumiza chithunzi, Nyanga ali bwino, tiubweya tili panja.

Lachinayi, 9 Okutobala

Anapita nane kuchipinda cha opaleshoni kukatsuka bala. Abaya jakisoni wochititsa dzanzi, ang'amba, achotsa mnofu wakufa. Sindinamve kuwawa koma ndinamva kukwecha. Fungo lake ndikulidziwa: firiji imene yakhala sabata yopanda magetsi muli nsomba.

Zotsatira za mafinya zabwera. Dokotala Irawati akuti ndi tizilombo ta m'madzi a m'nyanja, ndipo asintha mankhwala a m'mitsempha. Ndawafunsa kuti nditulukapo liti. Ati, "Chala chikatiuza."

Ndati chala changa sichilankhula. Ati, "Mwina mukanakhala chete pang'ono mukanachimva."

Kamtsikana aka kali ndi pakamwa.

Lachisanu, 10 Okutobala

38.2. Anzanga ali kumzikiti, ine ndapemphera chogona ngati khanda.

Makina oziziritsa a muno akudontha. Paipi yotulutsa madzi yatsekeka, ndikuchita kuimva. Ndauza Yohana kuti andipezere waya ndi makwerero. Wati, "Daeng, inu ndi wodwala." Aikapo ndowa. Tsiku lonse tho, tho, tho. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde ndikukoka mtengo wa diripi, ndabwerera, ndapitanso. Kunja dzuwa likuswa mtengo. Nyengo ino madzi a m'thanki amatsika ngati wina akuwamwa.

Ndaimbira Murni kanayi. Kachisanu sanayankhe.

A Haji akuti, "Khalani pansi, mukutizunguza mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndawauza kuti m'thanki mwanga muli nkhono zambirimbiri ndipo maso ake ndawaona osadekha.

Loweruka, 11 Okutobala

Izi ndilemba pang'onopang'ono.

Wabwera mlamu wanga Sangkala, mchimwene wa Murni, msodzi wa kudoko. Wabwera ndi nthochi zowotcha ndi mano onse panja.

"Alamu, za thanki musaganize n'komwe. Ndaigwira ine nkhaniyo."

"Mwaigwira bwanji?"

"Mlongo wanga anati madzi akutsika. Ndiye tsiku lililonse ndikumabweretsa zigubu ziwiri. Osati madzi anu opanga ndi mchere wa m'thumba aja ayi. Enieni, a m'nyanja, otunga ndekha pambali pa bwato."

"Pambali pa bwato liti?"

"Langa, padoko. Ndipo dzana ndinaona kuti akalewo atopa, ndinachotsako theka n'kuthiramo atsopano. Zinthu za m'nyanja zimafuna nyanja, alamu."

Zimene ndinanena sindizilemba. Yohana anabwera chothamanga, ndipo abale a wodwala wa pabedi lomaliza anatulutsa ana awo.

Madzi akamauma padzuwa, mchere suuma nawo. Umatsala. Woweta makorale aliyense amadziwa kuti thanki ikatsika umawonjezera madzi opanda mchere, akumwa, osefa. Ukathira amchere pa amchere ukuphika nsomba zouma. Ndiye onjezani madzi a padoko, pamene mabwato amasanzira dizilo ndi ngalande zonse za mzinda zimathera!

Sangkala anati, "Zaka makumi atatu ndili panyanja, sindinaonepo munthu akuthira madzi akumwa m'nyanja."

"Mvula simunaionepo?"

Anatenga chipewa n'kutuluka. Nthochi anasiya.

Murni pafoni wati, "Munati madzi akatsika ndiwonjezere. Simunanene kuti ati."

N'zoona, sindinanene. Ndani amanena zimenezo? Kuli ngati kuuza munthu kuti mpunga uphike ndi madzi, osati ndi palafini.

Ndamuuza pamene pali kachipangizo koyezera mchere. Wandiwerengera 1.031. Payenera kukhala 1.025. Ndamuuza apite kwa Ko Aseng akagule madzi amchere oyera, azichotsa ndowa imodzi m'mawa ndi ina madzulo n'kubwezera oyerawo, akumwa azidonthezera pang'onopang'ono. Akatsitsa mchere kamodzin'kamodzi awapheratu.

A Haji adya nthochi za Sangkala mobisa, ndi shuga wawoyo. Sindinawanenere.

Lamulungu, 12 Okutobala

Chithunzi cha m'mawa, magetsi oyera. Kabichi wachita mbuu koma alipo. Bowa wafota. Apongozi ali bwinobwino, monga mwa nthawi zonse. Mabatani atseka.

Nyanga wabweza tiubweya tonse. Patsinde pake pali poyera ngati choko, kukula ngati chikhadabo.

Ndauza Murni amate selotepi pagalasi molunjika ndi pamene kuyerako kwalekezera. Madzulo watumiza china. Kwadutsa selotepi.

Matenda amenewa ndikuwadziwa. Mnofu umasendeka kuchokera pansi, kukwera nthambi ndi nthambi, ndipo ukayamba suima ngakhale madzi akonzeke. Ndinawaonapo kwa Ko Aseng akutha korale wamkulu pamasiku owerengeka.

Ndafunsa Yohana ngati pali njira yotulukira osadutsa pa alonda. Wati, "Ilipo, Daeng, koma imadzera kumochale."

Kutentha 38.4. Nsonga ya chala yada.

Lolemba, 13 Okutobala

Dokotala Irawati wabwera ndi chithunzi cha mafupa, wakoka mpando n'kukhala. Dokotala akakhala pansi, dziwa kuti zavuta.

Akuti magazi sakufikanso kunsonga ndipo tizilombo talowa m'fupa. Akufuna kudula chala. Wagwira dzanja langa n'kuloza ndi bolopeni pamfundo ya patsinde, pamene chala chimakumana ndi chikhato.

"Pamenepo mpabwinobwino!" ndatero ine. "Ndikumva mukandigwira. Chakuda ndi nsonga yokha. Dulani nsongayo ngati mukufuna kudula."

"Tikadula pamene pada, Lachisanu tidzadulanso. Sabata yamawa tidzakamba za dzanja."

"Mukudziwa kuti chala ichi chimagwira chiyani? Chimagwira paipi ya mkuwa ndikamawotcherera. Chimapeza pamene gasi akutuluka maso asanaone."

"Ndikudziwa kuti n'chanu, bambo. N'chifukwa chake ndikupempha, sindikulamula."

Ndamuuza kuti andipatse tsiku limodzi ndipite kunyumba, ndili ndi ntchito yofunika. Wafunsa ntchito yanji. Ndati korale wanga akufa, ndiyenera kukamudula nthambi zisanagwidwe zonse.

"Mukufuna kukaviika bala lotseguka m'madzi omwe anakudwalitsani?"

"Ndigwiritsa dzanja limodzi."

"Mukatuluka muno lero, limodzilo ndi limene mudzatsale nalo."

Wasiya pepala losaina pakabati. Ndaikapo kapu ya tiyi.

A Haji sanaseke lero. Angovundukula nsalu n'kundionetsa phazi lawo. "Ine ndinakana kudula chimodzi, Daeng. Werengani nokha."

Ndawauza kuti asamale zawo.

Chithunzi cha madzulo: kuyera kwafika pamene nthambi zimagawikana.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Sindinagone. Ndinaganiza n'kuganiza mpaka ndavomera mumtima kuti Nyanga adulidwe, ndipo amudule Murni. Palibe wina.

Wabwera m'mawa wopanda chakudya, wopanda moni. Waona pepala lili pansi pa kapu.

Ndayamba kumufotokozera: m'dirowa ya pansi muli chodulira changa chachitsulo, guluu ali m'firiji, timiyala toikapo tili m'chitini.

"Sindidula."

"Ukuopa chiyani? Ndikuuza pochita."

"Sindikuopa. Nkhuku ndimadula tsiku lililonse. Ndati sindidula."

"Murni, pofika mawa kudzakhala kulibe chodula!"

"Ndikudziwa. Ndaona ndi maso anga m'mawa uno. Zatsala nthambi za pamwamba zokha." Watulutsa pepala pansi pa kapu, walipukuta pachitenje, waliika pabondo panga. "Sainani apa, ndipite ndikadule. Mukapanda kusaina ndikakhala pampando ndikumuonerera akuyera mpaka kunsonga. Ndidzakutumizirani zithunzi. Ndi magetsi oyera."

Ndinakuwa. Ndinamuuza kuti m'nyumba mwanga sindiikiridwa malire, kuti iye ndi mchimwene wake ndi amene apha korale wanga, kuti ichi n'chiwembu. Anangoima atapinda manja.

"Mwatha?" anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikupikisana ndi mwala, Daeng. Sindinadandaule. Koma wamasiye chifukwa cha mwala sindikhala."

"Si mwala."

"Ndikudziwa kuti si mwala! Ndakhala ndikunyamula ndowa m'mawa ndi madzulo, msana wanga ukudziwa. Inunso si mwala. Sainani."

Ndowa yokha tho, tho.

A Haji anatambasula dzanja kundipatsa bolopeni yawo, osandiyang'ana.

Ndasaina. Dzina langa laoneka ngati lalembedwa ndi nkhuku.

Masana

Murni wandiimbira foni ya kanema. Foni anaitsamiritsa pa botolo, ndikuona thanki yonse. Wavala magolovesi ochapira ofika m'zigongono, ndipo sindinamuuze ine. Kumbuyo kwake kwaima Sangkala atanyamula beseni, nkhope ngati wabwera kumaliro. Sindinamupatse moni. Sindinamutukwanenso.

Nyanga ndinalephera kumuzindikira. Pansi ponse fupa, mnofu ukulendewera ngati nsanza. Nsonga zokha zikadali ndi lawi lawo.

Murni waika chodulira pa nthambi yoyamba, pamzere penipeni pamene kuyera kwakumana ndi kufiirira.

"Ayi! Kwera."

Wakwera pang'ono.

"Kweranso. Siya mpata wa chala chathunthu."

"Daeng, apatu pali mnofu wabwinobwino."

"Ndiye pomwepo! Matenda amatsogola, maso amatsalira. Ukadula pamzere uwatengera limodzi, mawa udzadulanso. Dula pamene pali moyo."

A Haji anatsokomola. Yohana, amene anabwera kudzasintha diripi n'kuima kumaonerera, anayang'ana kudenga.

Phwa! Nthambi yagwera m'dzanja lake.

Wadula zidutswa zisanu ndi ziwiri. Chilichonse wachitsukuluza m'beseni la madzi oyera, wapukuta patsinde, wadonthezera guluu pa kamwala, wakanikiza. Chachitatu chinamupulumuka m'manja, ndinakuwa, iye anati, "Mukakuwanso ndizimitsa foni." Ndinatseka pakamwa. Manja ake sanjenjemera. Zaka zonsezi sindinadziwe.

Chotsala chonse, dengu lonse lija, ndamuuza achitulutse m'madzi chisawolere anzake. Sangkala wachinyamula ndi manja awiri. Wafunsa mwakachetechete kuti, "Alamu, ndichitaye kuti?"

Ndati achiyanike padenga. Ndidzachifuna.

Kuyambira usiku uno osadya, osamwa. Opaleshoni ndi mawa m'mawa.

Lachitatu, 15 Okutobala

Adula.

Lachinayi, 16 Okutobala

Dzanja alimangirira m'mwamba ngati ndikufunsa funso m'kalasi. Chala chimene kulibe chikuyabwa kunsonga. Jakisoni wa ululu kawiri. 37.6.

Tizidutswa tiwiri tayera. Murni watichotsa yekha asanandifunse.

Lachisanu, 17 Okutobala

37.1. Amasula bandeji. Ndinayang'ana kumbali, kenako ndinayang'ana. Asoka bwino, ndivomereze. Ulusi wake wowongoka kuposa mmene ndimawotcherera paipi. Dokotala Irawati wati m'mphepete mwa bala muli magazi abwino ndipo kufiira kwabwerera pansi pa mzere woyamba uja. Ndamuuza kuti ntchito yake ndi yaukhondo. Wati, "Lero mwadwala eti?"

Kachidutswa kena kayera. Tatsala tinayi. Tiubweya palibe ngakhale kamodzi. Mchere 1.027.

Ndayesa kutsegula botolo la madzi ndi dzanja lamanzere pansi pa bulangete. Chala chapakati sichidziwa kanthu, chakhala moyo wake wonse chikudyerera mnzake. Chiphunzira.

A Haji akuti, "Mwalowa m'gulu lathu la opepuka. Ndalama yolowera ndi nthochi zowotcha." Ndauza Murni auze Sangkala abweretse. Akabwera ndidzamupatsa moni. Pang'ono.

Loweruka, 18 Okutobala

Palibe chasintha. Tinayi, tili duu. Ndayenda pakhonde mpaka Yohana wandiopseza kuti andimangirira pabedi. Ndapempha chithunzi m'mawa, masana, madzulo. Murni wayankha kuti korale si mpunga woti uzivundukula mphindi iliyonse.

Mawu amenewo ndi anga. Ndinkamuuza Ko Aseng.

Lamulungu, 19 Okutobala

Murni wabwera yekha, sanatumize chithunzi. Ndinati basi zatha. Wakhala pabedi, wasenda lalanje pang'onopang'ono ngati alibe nkhani. Kenako wandipatsa foni.

Kanema. Magetsi oyera. Kachidutswa kosaposa chala kaima pa kamwala, ndipo thupi lonse tiubweya, tikugwedezeka ndi madzi. Kunsonga kabuluu.

Ndinaonera kachiwiri, kachitatu. Ndinapatsa a Haji. Anayang'ana n'kunena kuti, "Kamtengo aka ndi kamene mwatisowetsera mtendere?" Ndinapatsa Yohana. Ndikanapatsa ndi wokolopa yemwe akanakhala pafupi.

Kenako ndinawerenga timiyala. Tiwiri.

"Tinali tinayi."

"Tiwiri tili kwa Ko Aseng."

"Wati chiyani?"

"Ndamupatsa. Madzi ake ndi okhazikika, athu akadali kuchira. Athu akafa, atibwezera. Si mmene mumachitira anthu a makorale?"

"Ine sindinapatsepo munthu Nyanga! Ndinalumbira!"

"Ndikudziwa zimene munalumbira, Daeng." Anayang'ana bandeji. "Mwalipira kale."

A Haji anaseka mpaka Yohana anabwera kudzawayeza shuga.

Lalanje linali lokoma.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Anditulutsa lero masana. Diripi achotsa, mkono wamanja uli mabala okhaokha a singano. Mapilisi a masabata awiri, kudzatsukitsa bala Lachisanu, ulusi adzachotsa sabata yamawa. Dokotala Irawati wanena pamaso pa Murni, mwadala, kuti dzanja ili lisakhudze madzi a m'thanki mpaka bala litapola, ndipo likadzapola, magolovesi moyo wonse. Ndati ndamva. Wati, "Sindimauza inu."

Makina oziziritsa akudonthabe. Ndauza Yohana kuti ndikachira ndidzabwera ndi waya, ulere. A Haji atsala. Akuti akadzatuluka abwera kudzaona kamtengo kaja, ndiwakonzere nthochi. Ndawagwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene ndimafunira.

Mchere 1.025. Kabichi wabwerera mtundu. Apongozi awotcha Bowa.

Murni akulongedza zovala m'chikwama. Ndamufunsa kuti tikafika ndiyambire pati, chifukwa ntchito m'thankimo yachuluka: timiyala tija tiyenera kukwezedwa pafupi ndi kuwala, galasi lachita ndere, pampu sinatsukidwe.

Wati, "Timiyala ndakweza dzulo." Sanatembenuke n'komwe. "Inu mukafika, osakhudza magetsi, osapisa dzanja. Nsomba muzidyetsa kamodzi patsiku. Madzi akatsika mundiuze."

Ndati, "Eya."

Wandiyang'ana. Sakundikhulupirira.